Kodi n'zoona kuti Reagan ndi amene anatibweretsera matipate?

Chimzy_Matawale

Akuluakulu ndi anzanga, tandithandizani. Ine ndinabadwa matipate atabwera kale, ndiye za nthawi ya Kamuzu ndimangomva kwa anthu. Malume anga, omwe ndimakhala nawo ku Matawale kuno, ali ndi mfundo imodzi yomwe sasunthapo ngakhale muwatsutse mpaka kuche. Akuti amene anatibweretsera matipate si Chihana, si Muluzi, si maepiskopi, koma Ronald Reagan. Akuti bamboyo ndi amene anagwetsa chikomyunizimu, ndipo chitagwa azungu sanaonenso ntchito ya Kamuzu, n'kumutaya. Enawo akuti anangobwera pokolola.

Ndinaonera pa YouTube kanema uja akulankhula ku Berlin, akuuza Gorbachev, mtsogoleri wa Soviet Union, kuti agumule khoma logawa mzindawo. Pakamwa ndiye analipo munthu uja, n'zosadabwitsa poti anayamba ndi mafilimu asanalowe ndale. Koma zaka ndi zimene zikundisokoneza. Iye analamula kuyambira 1981 mpaka January 1989. Riferendamu yathu ndi ya 1993. Pakatipo panadutsa mtsogoleri wina wathunthu, George Bush wamkulu uja, ndipo tsiku loponya voti likufika ku White House kunali Bill Clinton. Nanga Reagan akulowapo pati?

Chinanso, mnzanga wina yemwe anaphunzira pa Chanco akuti ndisanamizidwe, Reagan anali bwenzi la boma latsankho la ku South Africa. Ndiye munthu mmodzi yemweyo akhale wotimasula ife kuno, kwinaku akuikira kumbuyo ozunza anzathu ku Joni? Amene munalipo nthawiyo, kapena amene munawerenga, tandiuzani kuti kwa ife kuno munthu ameneyu anasiya chiyani. Zachipani chanu cha masiku ano muzisiye kaye pakhomo, chonde.

Aphunzitsi_Opuma_Chinamwali

Mwanawe, malume ako agwira mbali imodzi ya nkhani, ndipo mbali imene aisiyayo inachitikira m'tauni yathu yomwe ino. Zaka zonse za Reagan ine ndinali pa choko, pasekondale ina m'boma lino. Wailesi ya kanema kunalibe, MBC inali yokhayokha, choncho za kunja tinkazimvera pa BBC ndi Voice of America usiku, mawu titatsitsa, chitseko titakhoma. Dzina la Reagan silinkasowa. Tsono tenga zaka zakezo uziyale pambali pa zimene zinkachitika kuno.

Chaka chake choyamba chisanathe, mu December 1981, Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera anagwidwa cha kumalire a Zambia n'kubwera nawo. Khoti la mafumu linagamula mu 1983 kuti anyongedwe, chaka chotsatira chilangocho n'kusinthidwa kukhala ukaidi wa moyo wonse. Orton anafera m'ndende yaikulu ya Zomba mu October 1992. Mu May 1983, Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga anagwidwa akuchokera ku Nyumba ya Malamulo konkuno, pakuti ngakhale likulu linali litasamukira ku Lilongwe mu 1975, aphungu ankakumanabe ku Zomba. Anawagoneka ku Mikuyu, kenako mitembo yawo n'kukapezeka ku Thambani, ku Mwanza. Tinauzidwa kuti ndi ngozi ya galimoto. Tonse tinagwedeza mutu m'kalasi ndi m'sitafu, palibe anafunsa. Bungwe lofufuza la 1994 ndi limene linadzanena poyera kuti anachita kuphedwa.

Kanema wako uja ndi wa pa 12 June 1987. Patangopita miyezi itatu, mu September, apolisi anakatenga Jack Mapanje, mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi pa Chanco, pa Gymkhana Club pomwepa, n'kukamutsekera ku Mikuyu popanda mlandu, popanda khoti. Anatuluka mu 1991. Khoma la ku Berlin Reagan analiona bwinobwino. Makoma a ku Mikuyu ine sindinamumvepo pa wailesi iliyonse akuwatchula, ndipo thandizo la America ku boma lathu silinaime m'zaka zonsezo.

Chifukwa chake sichovuta. Kamuzu anali wawo. Anaphunzira kwawo, ku Chicago ndi ku Meharry komwe anatengera udokotala mu 1937. Chikomyunizimu ankadana nacho kuchokera pansi pa mtima, osati mongokondweretsa azungu. Anatsegula ubale ndi Pretoria mu 1967 maiko ena onse a anthu akuda akukana, anakachezako yekha mu 1971, ndipo ndalama zoyambira kumanga Lilongwe zinachokera komweko. Ankagwirizana ndi Taiwan osati Beijing. Ndiye yang'ana amene anatizungulira: Machel ku Mozambique, Nyerere ku Tanzania, Kaunda ku Zambia, Mugabe chapafupi pomwepo. Munthu wokhala ku Washington akayang'ana mapu ankaona kadziko kamodzi kokha komwe sakanada nako nkhawa. Kazembe wa Reagan ku United Nations, mayi Jeane Kirkpatrick, anali ndi chiphunzitso chake chodziwika: olamula mwankhanza alipo a mitundu iwiri, ena ndi ankhanza chabe ndipo tsiku lina akhoza kusintha, ena ndi achikomyunizimu ndipo sasintha, choncho oyambawo uziwapirira. Ngwazi inagwera m'gulu lopiriridwa. Mobutu wa ku Zaire nayenso, ndipo iye ku White House ankalandiridwa ngati mlendo wolemekezeka.

Za mnzako wa pa Chanco uja, sananame. Nkhani za Africa Reagan anazisiya m'manja mwa Chester Crocker, ndipo njira yawo ankaitcha constructive engagement, kutanthauza kuti boma latsankho usalikalipire, uzilinyengerera mpaka lisinthe lokha. Desmond Tutu, atangolengezedwa kuti wapata mphotho ya Nobel mu 1984, anakauza aphungu a ku America pamaso kuti njira imeneyo ndi yoipa ndipo si yachikhristu n'komwe. Mu 1986 aphunguwo anakhazikitsa lamulo lopereka zilango za zachuma kwa South Africa, Reagan n'kulikana. Anamuposa mphamvu. Ku Senate mavoti anali 78 kwa 21, chikhalirecho nyumba imeneyo inali m'manja mwa chipani chake chomwe cha Republican, ndipo mmodzi mwa otsogolera kumukanirako anali Richard Lugar, wa chipani chakecho. Dzina la Mandela linakhala pa mndandanda wa anthu okayikiridwa zauchigawenga ku America mpaka 2008, munthu atalamula kale dziko n'kupuma.

Tsono pomwe malume ako akulondola ndi apa. Cold War, mkangano uja wa America ndi Soviet Union, ikanapitirira, sindikhulupirira kuti maiko otithandiza akanamutembenukira Kamuzu. Margaret Thatcher anabwera kuno mu March 1989 n'kulandiridwa ndi magule, ubale uli bwinobwino. Patangotha zaka zitatu, mu May 1992, maiko omwewo anakumana ku Paris n'kuimitsa thandizo lonse kupatula la chakudya ndi la othawa nkhondo. Kamuzu anali yemwe uja, ndende zinali zomwe zija. Chimene chinasintha n'choti Soviet Union kunalibenso. Kenya anali atamuchita zomwezo mu November 1991, Kaunda atagwa pachisankho mwezi wa October chaka chomwecho.

Koma ku Paris sanangodzuka m'mawa n'kutikumbukira. Pa 8 March 1992 kalata ya maepiskopi inawerengedwa m'matchalitchi a Katolika dziko lonse. Boma linati kupezeka nayo ndi mlandu woukira, nyumba yosindikizira mabuku ya ku Balaka komwe inadindidwa inatenthedwa, Monsignor John Roche anathamangitsidwa m'dziko. Ana a pa Chanco anaguba m'misewu ya Zomba yomweyi kuikira kumbuyo maepiskopi, koleji n'kutsekedwa. Ine ndinawaona ndi maso angawa, ndipo ndinaima patali ndithu, mantha ndinali nawo. Pa 6 April Chakufwa Chihana anatsika ndege ku Lilongwe akudziwa kuti amangidwa, n'kumangidwadi. Kumayambiriro kwa May ogwira ntchito ku Blantyre ananyanyala, anthu n'kuwomberedwa. Azungu a ku Paris anapeza moto utayaka kale. Pa 14 June 1993 anthu oposa 60 pa 100 alionse anasankha nyali, chizindikiro cha matipate. Apo Reagan anali atakhala kwawo ku California zaka zinayi.

Ngakhale za kugwa kwa chikomyunizimu komweko, ndimakana kumupatsa yekha. Khoma linagwa pa 9 November 1989 iye atachoka kale. Chuma cha Soviet Union chinali chitavunda mkati, nkhondo ya ku Afghanistan itawayamwa, a bungwe la ogwira ntchito la Solidarity ku Poland atalimbana zaka pafupifupi khumi, ndipo Gorbachev anasankha kusatumiza akasinja pomwe am'mbuyo mwake ankatumiza. Tambala akalira m'bandakucha dzuwa n'kutuluka, sitinena kuti walitulutsa ndi iye. Analira pa nthawi yake, ndipo analira mokweza, zimenezo sindimulanda.

Sajeni_Wakale

Aphunzitsi, zambiri mwakamba zoona, koma mwalumpha Mozambique, ndipo kwa ife amene tinavala yunifolomu nkhani yagona pamenepo.

Ine ndinali ku Cobbe Barracks, ndipo ndinali nawo m'gulu lomwe linatumizidwa kukalondera njanji ya ku Nacala, kulowera pa Nayuchi kupita cha ku Cuamba. Asilikali athu anayamba kupita kumeneko mu 1987. Mphwanga wa ku Matawale, udziwe kuti pofika 1984 njanji zonse ziwiri, ya ku Beira ndi ya ku Nacala, RENAMO, gulu loukira boma la Mozambique, inali itaziwononga. Mafuta, feteleza, mchere, fodya wotuluka, zonse zinayamba kuzungulira pa msewu mpaka ku Durban. Mtengo wa chinthu chilichonse m'sitolo unali ndi nkhondo imeneyo mkati mwake. Anzathu ena sanabwereko, ndipo maliro awo ankachitika mwakachetechete.

Tsono pa Reagan ndinene chilungamo. RENAMO iye sanaipatse mfuti. Ku Angola anamupatsa Savimbi, mtsogoleri wa oukira a UNITA, koma ku Mozambique anakana, ngakhale anthu a chipani chake monga Senator Jesse Helms ankamukakamiza kwambiri. Helms anafika pochedwetsa kwa miyezi yambiri kuvomerezedwa kwa kazembe wopita ku Maputo, mayi Melissa Wells, pofuna kuti boma likambirane ndi RENAMO. Reagan analandira Samora Machel ku White House mu September 1985, munthu wodzitcha yekha wa Marx, kenako Chissano mu 1987. Ndipo mu 1988 ndi boma lake lomwe linatuma Robert Gersony kukafunsa othawa nkhondo m'misasa, ya kuno ku Malawi ili momwemo. Lipoti lake linati RENAMO iyenera kuti inapha anthu wamba osachepera 100,000. Litangotuluka, ofuna kuithandiza ku Washington anasowa ponena. Akanamvera Helms, ife kunjanji kuja tikanakumana ndi zida zina.

Koma mbali inayo ndi iyi. Amene ankaidyetsa RENAMO ndi South Africa. Anasainirana ndi Machel pangano la Nkomati mu March 1984 kuti asiya, osasiya, ndipo makalata omwe anapezeka ku Gorongosa mu 1985 anawaulula. Ndiye munthu amene ankatchinjiriza Pretoria ku zilango ndi yemweyo amene ankagwirana chanza ndi Machel. Ine mpaka lero sindidziwa kuti ndimuike mbali iti, ndipo sindikuona chifukwa chodzikakamizira.

Ifenso tisadziyeretse. Mu September 1986 Machel, Kaunda ndi Mugabe anabwera ku Blantyre kudzamuuza Kamuzu pamaso kuti dziko lake likusunga RENAMO. Machel atabwerera anaopseza kuti atseka malire n'kuika mizinga moyang'ana kuno. Pa 19 October ndege yake inagwa ku Mbuzini, ndipo ku Harare achinyamata anakaphwanya maofesi a Malawi. Miyezi yochepa chabe, ife tili kunjanji, kumenyana ndi anthu omwe dziko lathu linkanenedwa kuti likuwasunga. Othawa nkhondo anafika pafupifupi 1 miliyoni, ku Nsanje anachuluka kuposa eni dera. Zimenezo sanatichitire ndi Reagan yekha, zina tinaziphika tokha.

Tadala_Econ

Agogo aphunzitsi, ndi ulemu wonse, mwamupanikiza kwambiri munthuyu. Ine ndikuphunzira zachuma pa Chanco pompano, ndiye ndiloleni ndimuikire kumbuyo pang'ono, ngakhale si m'bale wanga.

Choyamba, iye anasankhidwa ndi anthu a ku America kuti atumikire America. Anapeza mitengo ya zinthu ikukwera ndi 13 peresenti pa chaka mu 1980, pochoka inali cha m'ma 4. Mu 1984 anapambana m'zigawo 49 mwa 50. Munganene kuti ntchito yaikulu anagwira ndi Paul Volcker wa ku banki yawo yaikulu, yemwe anaikidwa ndi Carter, ndipo n'zoona, koma Reagan anamusiya agwire ntchito anthu akulira ndi ulova mu 1982, pomwe wandale wina akanamuchotsa. Msonkho wa olemera kwambiri anautsitsa kuchoka pa 70 kufika pa 28 peresenti, ndalama za asilikali n'kukweza, ndiye ngongole ya boma inawirikiza pafupifupi katatu. Apo sindimuteteza. Munthu amene ankalalikira maiko osauka kuti adzimange lamba, kwawo ankakongola mosaneneka.

Chachiwiri, tambala uja sanangolira, agogo. Munthu yemwe mu 1983 anatcha Soviet Union ufumu woipa ndi yemweyo amene anakakhala pansi ndi Gorbachev ku Geneva mu 1985 ndi ku Reykjavik mu 1986, anzake a chipani akumunena kuti wafewa. Mu December 1987 anasainirana pangano la INF lomwe linachititsa kuti mizinga 2,692 iphwanyidwe. Kusintha maganizo pagulu chonchija, ndi atsogoleri angati amakutha? Ndipo Crocker yemwe mwamunyozayo ndi amene anayendetsa zokambirana mpaka pangano la ku New York la pa 22 December 1988: asilikali a Cuba atuluke mu Angola, South Africa ituluke mu Namibia. Namibia inalandira ufulu pa 21 March 1990. Kunyengerera kuja kunabala kanthu.

Pomwe ine ndimamuonera kuno kwathu si ku Mikuyu koma kumsika wa ADMARC. Chiwongoladzanja chitakwera ku America, ngongole za maiko ngati lathu zinalemera, Malawi n'kukapempha kuti masiku obwezera atalikitsidwe mu 1982 ndi 1983. Ngongole yoyamba ya World Bank yokonzanso chuma tinatenga mu 1981. Zotsatira zake mukuzidziwa: kuchotsa sabuside ya feteleza pang'onopang'ono, kugwetsa kwacha, kulola mavenda kugula mbewu mu 1987, kutseka misika ina ya ADMARC. Maganizo oti boma lichoke pamsika ndi a nthawi ya Reagan ndi Thatcher, ndipo mkangano umenewo sunathe. Chaka chilichonse tikamakangana za makuponi a feteleza timakhala tikuyankhana ndi iye.

Achimwene a ku Matawale, chokusekesani n'chakuti mawu oti America ikhalenso yapamwamba, omwe ali pa zipewa zofiira masiku ano, Reagan anawagwiritsa kale ntchito pa kampeni mu 1980. Koma yemweyo mu 1986 anasaina lamulo lomwe linapatsa mapepala anthu pafupifupi 2.7 miliyoni olowa m'dzikomo mozemba. Lero atati aime pa chisankho cha chipani chake ndi mfundo imeneyo, sindikudziwa ngati angadutse n'chisankho choyamba chomwe.

MayiNesi_Jali

Inu mukukamba za makoma ndi mizinga, ine ndikambe za kuchipatala, poti ndi komwe dzina lake timakumana nalo mpaka lero osadziwa kuti ndi lake.

Mu 1984, pa msonkhano wa zachiwerengero cha anthu ku Mexico City, boma la Reagan linalengeza kuti bungwe lakunja lililonse lolandira ndalama za America za kulera lisachite kapena kulimbikitsa zochotsa pakati, ngakhale ndi ndalama zake zochokera kwina. Kuyambira pamenepo lamuloli limangoyenda ndi chipani. Clinton analichotsa mu 1993, Bush wamng'ono analibweza mu 2001, Obama anachotsa mu 2009, Trump anabweza mu 2017 n'kulikulitsa kuti likhudze pafupifupi ndalama zonse za zaumoyo, Biden anachotsa mu 2021, mu 2025 labwereranso. Ine ndine mayi wa mvano, zochotsa pakati sindigwirizana nazo, ndinene poyera. Koma zimene ndinaona n'zakuti bungwe lina lomwe linkabwera ndi galimoto m'midzi ya kuno cha ku Chilwa litakana kusaina, galimotoyo inasiya kubwera. Inkabweretsa jakisoni wolera, kuyeza magazi, kuyeza khomo la chiberekero. Mayi wa ku Kachulu amene anaphonya jakisoni wake sadziwa n'komwe kuti Mexico City ili kuti.

Za Edzi ndiye musandiyambitse. Matendawa anadziwika ku America mu 1981, Reagan anadzawatchula pagulu koyamba mu 1985, chaka chomwe ifenso tinapeza wodwala woyamba, ndipo kulankhula kwenikweni kunadza mu 1987 anthu oposa 20,000 atafa kale m'dziko lakelo. Kunonso tinali chete, tikumati kaliwondewonde, tikumati matenda a boma. Ngati mukufuna mtsogoleri wa Republican woti timuthokoze m'mawodi, ndi Bush wamng'ono ndi PEPFAR yake ya 2003, ndondomeko yolimbana ndi Edzi, ngakhale Malawi sanali m'gulu la maiko 15 oyamba, ndipo ma ARV aulere omwe tinayamba kugawa mu 2004 anadzera ku Global Fund. Yemweyonso ndi amene anakagwetsa mabomba ku Iraq chaka chomwecho cha 2003. Anthu amenewa ndi ovuta kuwawerengera.

Chimzy_Matawale

Zikomo nonse, sindinayembekezere kuti mpaka a Sajeni atulukira. Funso limodzi lokha kwa aphunzitsi: zimene anena achemwali a Tadala za Namibia mukuzivomera? Chifukwa ngati kunyengerera kuja kunamasuladi dziko lathunthu, ndiye kuti Tutu analakwitsa?

Aphunzitsi_Opuma_Chinamwali

Mdzukulu wanga Tadala wawerenga, ndipo za INF sinditsutsa. Za Namibia ndiye tiyeni tione bwino.

Dongosolo lopereka ufulu kwa Namibia linalipo kale Reagan asanalowe. Ndi chigamulo nambala 435 cha United Nations, cha 1978. Chimene boma lake linawonjezera ndi mfundo yoti Namibia isamasuke mpaka asilikali a Cuba atuluke mu Angola. Pretoria inailandira ndi manja awiri, pakuti inapeza chifukwa chokhalira. Ndiye ukamayamika pangano la 1988, uwerengenso zaka zomwe anthu a ku Namibia anadikira chifukwa cha mfundo imeneyo, ndi anthu a kummwera kwa Angola omwe ankaphedwa m'zaka zomwezo. Ndipo chimene chinakhazika South Africa pa tebulo si kunyengerera kokha. Ku Cuito Cuanavale, ku Angola, mu 1987 ndi 1988 anakumana ndi nkhondo yomwe sakanaipambana, anyamata achizungu anayamba kubwerera m'mabokosi, mabanki akunja anali atakana kuwakongozanso kuyambira 1985, zilango zija Reagan anazikana zinali zitayamba kuluma, ndipo Gorbachev naye ankafuna kuchoka mu Africa. Crocker anali katswiri pa zokambirana, ndimuvulira chipewa, koma anakambirana ndi anthu omwe anali atapanikizidwa kale ndi njira zomwe bwana wake ankazikana. Tutu sanalakwitse.

Nanga Savimbi, Tadala sanamutchule. Mu 1985 lamulo loletsa America kuthandiza magulu omenya nkhondo ku Angola, lija ankaliti Clark Amendment, linachotsedwa. January 1986 Savimbi ali ku White House, chaka chomwecho mizinga ya Stinger yogwetsera ndege ili m'manja mwa UNITA. Inali njira imodzi ndi ya ku Afghanistan ndi ku Nicaragua: kulikonse komwe kuli boma logwirizana ndi Moscow, pezani oukira muwapatse zida. Ku Nicaragua aphungu ataletsa, anthu a mu ofesi ya Reagan anagulitsa zida mobisa ku Iran n'kupatutsira ndalamazo kwa oukira a Contra, nkhani n'kuululika mu November 1986, iye n'kunena kuti za kupatutsa ndalamazo sankazidziwa.

Ku Angola zidazo sizinabwerere kwa eni ake Cold War itatha. Chisankho chinachitika mu September 1992, Savimbi sanapambane, anakana zotsatira n'kubwerera kutchire, ndipo nkhondo yomwe inatsatira inali yoopsa kuposa ya m'mbuyo. Mzinda wa Huambo ndi wa Kuito inasanduka mabwinja. America inadzazindikira boma la Luanda mu 1993, United Nations n'kuika zilango pa UNITA chaka chomwecho, koma munthuyo anali ndi diamondi zogulira zida yekha. Nkhondo inatha mu April 2002, patangopita milungu yochepa iye ataphedwa ku Moxico mu February. A Sajeni anena kuti Reagan akanamvera Helms iwo akanakumana ndi zida zina kunjanji. Ku Angola anamumvera, ndipo mabomba okwirira pansi a nkhondo imeneyo akuwazulabe m'minda mpaka pano.